Filimu ya Wham! ndi mayi amene sankataya mapepala

Amene muli ndi Netflix komanso bandulo yokwanira, onerani filimu ya Wham! imene inatuluka mu 2023. Achinyamata mwina dzinali ndi lachilendo, koma funsani makolo anu, anavinapo. Ndi mbiri ya anyamata awiri a ku England, George Michael ndi Andrew Ridgeley, amene anakumana kusukulu mu 1975 ali ana, n'kuyambitsa gulu lawo mu 1981. Mu 1985 anakaimba ku China, zimene gulu la pop lochokera kwa azungu linali lisanachitepo. Mu June 1986 anatsanzikana ndi anthu 72,000 pa Wembley, gulu n'kuthera pomwepo. Zaka zisanu basi.

Anzanga a ku Katoto akukangana za Andrew. Ena akuti ankangodyera nawo thukuta la mnzake, ena akuti popanda iye George wamanyazi uja sakanaima pamaso pa anthu. Ine ndili mbali yachiwiriyi, koma zimenezo tidzakangana tsiku lina.

Amene wandigwira mtima ndi mayi ake a Andrew. Mayiwa ankadula nkhani za anyamatawa m'nyuzipepala, n'kumamata m'mabuku pamodzi ndi zithunzi, kuyambira anawo asanatchuke. Mabuku amenewo ndiwo msana wa filimu yonse. Simuona akuluakulu atakhala pampando n'kumayankha mafunso. Mumangoona zithunzi ndi makanema akale, awiriwo akufotokoza okha. George anamwalira mu 2016, koma akulankhula bwinobwino chifukwa mawu ake anajambulidwa ndipo wina anawasunga.

Tsono ife tikafuna kupanga yathu tiyambira pati? TV inafika m'dziko muno mu 1999. Oimba onse amene anasangalatsa anthu chakacho chisanafike, ambiri timangowadziwa mawu. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka tingawaone akuimba ali anyamata chifukwa Gerhard Kubik wa ku Austria anawajambula mu 1967. Mlendo ameneyo akanapanda kubwera ndi kamera, bwenzi tikungomva kuti kunali anyamata a gitala ndi chitoliro. Paul ndi Lucius Banda, munthu ndi mng'ono wake, anachokera ku Balaka n'kugwedeza dziko lonse. Imeneyo si filimu? Lucius anatisiya mu 2024. Wambali Mkandawire, wathu wa kuno kumpoto, anapita mu 2021. Aliyense akamapita amatenganso nkhani zimene palibe anamufunsa.

Ndipo kuno ku Mzuzu tili ndi mdani wina, chinyezi. Malume anga ku Chibavi ali ndi katoni ya makaseti pansi pa bedi. Nditaitsegula, timapepala ta m'kati tinali titamatirirana, nkhope za oimba zitadyedwa ndi nkhungu, tepi ina itachita zoyerayera moti ngakhale kuizunguza ndi bolopeni inakana. Iwo amati akusunga.

Musanene kuti masiku ano zinthu zili bwino poti aliyense ali ndi foni. Pa shoo iliyonse manja amakhala m'mwamba kujambula, inde. Koma foni ikadzaza, choyamba kufufutidwa ndi kanema yemweyo kuti mulowe zithunzi za ukwati. Foni ikabedwa mu depoti, zonse zapita. Oimba eni akewo, afunseni positala ya shoo yawo yoyamba, muone ngati aipeze.

Sindikudikira boma pa nkhani imeneyi, mayi aja sanadikire unduna uliwonse. Inu alongo, akazi ndi amayi a anyamata amene akuvutika m'timastudiyo ta ku Luwinga ndi Mchengautuwa, gulani hadikava ndi guluu. Lembani tsiku kuseri kwa chithunzi chilichonse. Makanema muziwasunga malo awiri. Ndipo amene muli ndi zithunzi za Wambali akuimba kuno, tiuzeni, ine sikana ndili nayo ndipo sindilipiritsa.