Maphunziro a masana amodzi sakupulumutsa ana athu ku England

Ndinaphunzitsa masamu ku sekondale kwathu ndisanabwere kuno ku England. Kuno ndine wothandizira mphunzitsi m'kalasi, ndipo mtima wanga ukuwawa, abale anga, makamaka chifukwa cha inu makolo amene mwabwera ndi ana ndipo mukuganiza kuti poti sukulu ndi yaulere komanso mabuku alipo, basi mwana watetezeka.

Aphunzitsi a kuno amakhala ndi masiku asanu pachaka amene ana sabwera kusukulu, masiku a INSET, oti iwo eni aphunzire zowonjezera. Dongosololi linayamba mu 1988, nthawi ya nduna ya zamaphunziro Kenneth Baker. Pa masiku amenewo, nkhani ya mtundu, chikhalidwe ndi kakhozedwe ka ana imapatsidwa masana amodzi, anthu atatopa kale. Amabwera munthu wolembedwa ganyu wochokera kunja, amaonetsa zithunzi pakhoma, amatiuza kuti aliyense ali ndi tsankho lobisika mumtima, timakambirana m'magulu, timasaina pepala kuti tinalipo. Kenako maso onse amatembenukira kwa ine, wakuda yekhayo m'chipindamo, kuti ndifotokoze mmene anthu a ku Africa amalerera ana. Ine ndine wa ku Malawi. Za ku Somalia kapena Nigeria ndingaziyankhire bwanji? Ndipo n'chifukwa chiyani wolandira malipiro ochepa ndiye asenze ntchito yophunzitsa mabwana ake?

Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti pa maphunziro amenewa palibe amene amabweretsa kaundula wa ana. Tsankho la kusukulu za kuno lili m'kaundulamo. Ana amagawidwa m'magulu malinga ndi mmene aphunzitsi akuonera nzeru zawo. Pa masamu a GCSE, mayeso amene amalemba ali ndi zaka 16, pali mapepala awiri. Pepala lapamwamba limafika giredi 9, imene kuno ndi yapamwamba koposa. Pepala lapansi limathera pa giredi 5, ngakhale mwana atakhoza funso lililonse. Masukulu ambiri amafuna giredi 6 kapena 7 kuti mwana apitirize masamu a A level, maphunziro otsatira GCSE okonzekera kuyunivesite. Ndiye mwana woikidwa pa pepala lapansi, khomo la uinjiniya latsekeka asanagwire cholembera. Amene amasankha pepalalo ndi mphunzitsi, ndipo kholo lochokera kwathu, lozolowera MSCE, silidziwa n'komwe kuti pali chisankho chotere.

Ndaona ndi maso anga mmene zimayambira. Mwana wangofika kumene. Kwathu waphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 5, amawerenga bwinobwino, amadziwa kuchulukitsa ndi kugawa pamtima kuposa anzake a kuno. Koma kalankhulidwe kake ndi kakwathu, ndipo pafomu makolo analemba moona kuti kunyumba amalankhula Chichewa. Amamulemba m'gulu la EAL, la ana amene Chingerezi si chinenero chawo choyamba, ndipo ena amamva ngati akuti mutu wake ndi wofooka. Akamudzudzula, mwanayo amayang'ana pansi monga tinamulerera, chifukwa kwathu kupenyetsetsa wamkulu m'maso ndi chipongwe. Mphunzitsi amalemba kuti ndi wamwano kapena akubisa kanthu. Sakweza dzanja mwachisawawa, amadikira kuti atchulidwe, ndiye amati alibe chidwi. Pakutha pa teremu ali m'gulu lapansi. Ndinayesa kufotokoza zimenezi kwa akuluakulu ena, anandithokoza mwaulemu, mwanayo sanasunthidwe.

Asatiuze kuti nkhaniyi ndi yachilendo. Mu 1971, mphunzitsi wochokera ku Grenada, Bernard Coard, analemba poyera mmene ana a anthu a ku Caribbean ankatayidwira m'masukulu a ana otchedwa operewera nzeru. Mu 1985 boma linalandira lipoti la Swann pa maphunziro a ana a mitundu yochepa. Mnyamata wakuda Stephen Lawrence ataphedwa ku London mu 1993, lipoti la Macpherson la 1999 lofufuza mmene apolisi anayendetsera mlanduwo linanena kuti tsankho likhoza kukhala m'kayendetsedwe ka bungwe lenilenilo. Lamulo la Equality Act la 2010 limakakamiza masukulu kupewa kusala ana. Komabe mu 2020 ku Hackney, dera la mu London, mtsikana wakuda wa zaka 15 anavulidwa ndi apolisi pasukulu pake pomuganizira chamba chimene sichinapezeke, ndipo kafukufuku amene anatuluka mu 2022 anati mwina khungu lake linathandizira kuti zichitike. Mpaka lero ziwerengero za boma zimaonetsa kuti ana akuda a makolo a ku Caribbean amachotsedwa sukulu kwambiri kuposa anzawo achizungu. Zaka zonsezi, mankhwala ake akhale masana amodzi?

Ena amandiyankha kuti ana ochokera ku Africa amakhoza bwino GCSE, ndiye ndikudandaulanji. Zoona, ambiri amakhoza. Koma ndimadziwa mtengo wake. Ndi mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba usiku wonse kuti alipire mphunzitsi wapadera Loweruka. Ndi bambo woyendetsa galimoto mpaka mbandakucha. Sukulu imatenga ulemu wa zotsatira zimene makolo anagula ndi tulo tawo.

Sindikuti aphunzitsi onse ndi oipa. Ndimagwira ntchito ndi anthu otopa, a makalasi odzaza, ndipo ena amafunadi kudziwa. Ndiye apatsidwe maphunziro enieni. Akhale pansi teremu iliyonse ndi mayina a ana, aone amene ali m'gulu lapansi, amene amatulutsidwa m'kalasi kawirikawiri, amene sanatchulidwepo kuti ayankhe funso, ndipo mphunzitsi afotokoze chifukwa chake. Mwana wobwera kumene ayesedwe masamu payekha, osati kuweruzidwa ndi kalankhulidwe. Makolo aitanidwe adzalankhule okha za ana awo.

Inu makolo anzanga, ulemu wathu woopa mphunzitsi ukutipweteka kuno. Pitani ku msonkhano wa makolo ngakhale zitatanthauza kusinthana shifiti ndi mnzanu. Funsani kuti mwana wanu ali m'gulu liti la masamu ndi sayansi, adzalemba pepala liti, anasankha ndani, ndipo achite chiyani kuti akwere. Pemphani kuti yankho likhale lolembedwa, ndipo yambani kufunsa mwana akangolowa Year 7, chaka choyamba cha sekondale, musadikire chaka cha mayeso.