Brissago ndi Cannobio: nyanja imodzi, makhalidwe awiri

Mswisi akakwiya nawe sakuuza pamaso, amakulembera kalata. Ndimakhala ku Brissago, kamudzi ka ku Switzerland, m'chigawo cha Ticino, kokangamira paphiri m'mbali mwa nyanja ya Maggiore, pafupi ndi malire a Italy. Lamlungu lapitali ndinakaponya mabotolo m'bini ya magalasi, kutacha ndinapeza kapepala m'bokosi la makalata, kopanda dzina, kondikumbutsa mwaulemu wake kuti Lamlungu ndi tsiku lopuma, phokoso la mabotolo silifunika. Ndiye kuti mnzangayo anali pawindo, kundionerera mpaka botolo lomaliza, koma kutsika n'kudzati "achimwene, lero sitiponya" kunamukanika.

Lamlungu lomwelo dutsani malire, mphindi zochepa chabe, mufike pa msika wa Cannobio ku Italy. Ogulitsa tchizi ndi salami akukuwa, ana akuthamangitsana m'mbali mwa madzi, agogo awiri akukangana manja ali m'mwamba ngati alipo wafa, pomwe nkhani yake ndi mtengo wa tomato. Kumeneko ukalakwa amakukalipira pompo, ikatha mphindi akugulira khofi. Chiyankhulo ndi chomwecho, Chitaliyana, nyanja ndi yomweyo, koma kwathu kuno Lamlungu ngakhale makina otchetchera kapinga amapita kutchalitchi. Ngati nyumba yanu ili ndi makina ochapira ogawana, tsiku lanu lochapa linalembedwa kale pakhoma. Mukaliphonya, valani zakuda.

Chilungamo ndinene, kuno ku Switzerland basi yochokera ku tauni ya Locarno ikati ifika, imafikadi, ndipo kumsewu simungaone chinyalala. Zinyalala zimatayidwa m'matumba a boma okha, ogula, choncho aliyense amasankhula mapepala, zitini ndi magalasi pofuna kupulumutsa ndalama. Malipiro nawonso ndi omwe amachititsa Ataliyana pafupifupi 80,000 kuwoloka malire kudzagwira ntchito ku Ticino. Phokoso lawo lija amalisiya pa chipata.

Koma Aswisi omwewa, okonda bata, Lamlungu mudzawapeza ali mbwee pa msika wa Cannobio, zikwama zili tho, chifukwa kwawo nyama ndi yodula zosayamba. Boma lawo linaona, ndipo kuyambira Januwale 2025 katundu wolowa naye osalipira msonkho anatsitsidwa kuchoka pa 300 francs (ndalama za ku Switzerland) kufika pa 150 munthu mmodzi. Nyama ndi kilo imodzi basi. Za kapepala kaja, ndikukayikira kwambiri mayi wina wa pamwamba pathu, amene pamsikapo amaseka mokweza kuposa Ataliyana eni ake.