Carmel iike manambala pa nyumba, koma positi ofesi ikhalepo

Ku California, m'dziko la America, m'mphepete mwa nyanja yamchere ya Pacific, pamtunda wa makilomita pafupifupi 190 kummwera kwa San Francisco, kuli kamzinda kotchedwa Carmel-by-the-Sea. Kukula kwake sikufika masikweya kilomita atatu. Nyumba wamba kumeneko imagulidwa madola opitirira 2 miliyoni. Koma kwa zaka zoposa 100 kuchokera pomwe kanakhala mzinda wodziyimira pawokha mu 1916, nyumba zake zinakhala zopanda manambala, ndipo wopereka makalata wa boma sankafika pakhomo la munthu. Aliyense, wolemera ndi wantchito yemwe, ankapita yekha kukatsegula bokosi lake ku positi ofesi ya pa 5th Avenue, pakati pa misewu ya San Carlos ndi Dolores.

Mu Julaye 2024 khonsolo ya mzindawu inavota, atatu kuvomera awiri kukana, kuti ntchito yopereka manambala iyambe kukonzedwa. Maganizo anga ndi akuti atatuwo ankanena zoona, ngakhale kuti mantha a awiri enawo sanali opanda pake. Chimene chinasokoneza mkanganowu kwa zaka zambiri n'chakuti anthu ankaphatikiza nkhani ziwiri zosiyana: kupatsa nyumba nambala, ndi kubweretsa makalata pakhomo. Yoyambayo ndi ya khonsolo. Yachiwiriyo ndi ya bungwe la positi la dziko lonse, USPS. Mzinda ukhoza kuchita yoyamba osapempha yachiwiri.

Kuti mumvetse, onani kaye mmene munthu wa ku Carmel wakhala akulondolera mlendo. Misewu yoyenda kuchokera kumpoto kupita kummwera ili ndi mayina: Junipero, Mission, San Carlos, Dolores, Lincoln, Monte Verde, Casanova, Camino Real, mpaka kutsikira ku Scenic Road wa m'mphepete mwa nyanja. Yopingasa yambiri ili ndi manambala, ndipo Ocean Avenue, msewu waukulu wa masitolo, uli pakati pa 6th ndi 7th. Munthu akalemba kuti "Lincoln 3 SE of 10th" akutanthauza kuti upite pomwe Lincoln akumana ndi 10th, uyang'ane kummwera, utsate mbali ya kummawa ya msewu, uwerenge nyumba zitatu. Ambiri amawonjezera dzina la nyumba lolembedwa pa kathabwa pageti. Kwa ife a ku Malawi zimenezi si zachilendo. Takhala tikulemba P.O. Box ndi Private Bag, ndipo mlendo timamuuza kuti akafika pachigayo akhotere kumanzere, nyumba ya geti lobiriwira. N'chifukwa chake MACRA inayambitsa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Carmel anasankha dala kukhala choncho.

Njira yowerenga nyumbayi imagwira ntchito masana, kwa munthu amene anaiphunzira. Imalephera m'malo odziwika bwino. Nyumba ya pakona ena amaiwerenga ngati yoyamba, ena amaidumpha chifukwa khomo lake layang'ana msewu wina. Ploti imodzi ikakhala ndi nyumba yaikulu ndi kanyumba ka alendo, dalaivala amawerenga ziwiri pomwe mwini wake amawerenga imodzi. Mipanda ya maluwa ndi mitengo ya paini zimabisa pomwe ploti yathera. Dzina la nyumba limasintha ikagulidwa, ndipo mayina okhudza nyanja ndi mphepo amafanana kwambiri. Usiku ndiye zimavuta zedi, chifukwa m'misewu ya nyumba zogona mulibe magetsi a mumsewu, mulibenso tinjira ta simenti ta oyenda pansi. Zonsezi anazikana kalekale pofuna kuti mzindawu uzioneka ngati mudzi wa m'nkhalango, monga ankaufunira alembi ndi ojambula omwe anadzazamo pambuyo pa chivomerezi cha ku San Francisco cha 1906.

Vuto lalikulu masiku ano lili m'makompyuta. USPS imasunga mndandanda wa makeyala onse omwe imaperekako makalata, ndipo masitolo a pa intaneti, mabanki, makampani a inshuwalansi ndi ogulitsa mankhwala amayerekeza keyala yomwe walemba ndi mndandanda umenewo. Nambala ya positi ya mzindawu, 93921, ndi ya mabokosi okha. Ukalemba "3 SE of 10th" makina amakana, amati keyalayo kulibe. Ukalemba bokosi, amakuuza kuti katunduyo sangatumizidwe ku bokosi, popeza makampani onyamula katundu a UPS ndi FedEx kawirikawiri sasiya katundu m'mabokosi a positi. Ndiye anthu amachenjera: mzere woyamba amalemba malo a nyumba, wachiwiri nambala ya bokosi, n'kumayembekeza kuti aliyense wonyamula awerenga mzere womukhudza. Nthawi zina makina amafufuta mzere umodzi. Nthawi zina amasintha 93921 kukhala 93923, yomwe ndi ya madera ozungulira omwe ali ndi manambala, katundu n'kukatsikira kunja kwa mzinda.

Ku banki nako, malamulo a dziko la America amafuna kuti wotsegula akaunti apereke keyala ya pomwe amakhala, bokosi lokha silikwanira. Chiphaso cha REAL ID, chomwe chinayamba kufunidwa pokwera ndege za m'dzikomo pa 7 Meyi 2025, chimafuna mapepala otsimikiza malo okhala. Zonsezi zimatheka ndithu, koma munthu amataya maola pafoni kufotokozera kalaliki wa kutali kuti mzinda wopanda manambala ulipodi.

Tsopano funsani kuti amene amataya maolawo ndani. Kalembera wa 2010 anapeza anthu 3,722. Wa 2020 anapeza 3,220. Mu 2010 momwemo anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo anali opitirira 35 pa 100 alionse, pomwe ana osafika zaka 18 anali pafupifupi 10 okha pa 100. Theka la anthu linali litapitirira zaka 59, ndipo kuchokera pamenepo mzindawu wapitirira kukalamba. M'dziko lonse la America msinkhu wapakati umenewu uli cha m'ma 39. Pakhomo limodzi pamakhala anthu osakwana awiri mukawagawa mofanana, kutanthauza kuti ambiri ndi oferedwa amuna kapena akazi awo ndi ena okhala okha. Chiwerengero china chofunika: mu 2010 munali nyumba 3,417, koma zokhalamo anthu zinali 2,095 zokha. Zambiri mwa zotsalazo ndi za eni ake okhala kwina, obwera kudzapuma kumapeto kwa sabata kapena m'chilimwe.

Mwini nyumba wokhala ku San Francisco kapena ku Texas alibe vuto ndi kusowa kwa nambala. Banki yake, mankhwala ake ndi chiphaso chake zili pa keyala ya nyumba yake yeniyeni. Kwa iye kathabwa ka dzina pageti ndi gawo la kukoma komwe anagula. Mtolo wonse umagwera agogo a zaka 82 omwe amakhala momwemo chaka chonse, omwe mwina anagula nyumbayo kalekale mitengo isanakwere ndipo chuma chawo chonse ndi nyumbayo basi. Umagweranso namwino wobwera usiku kuchokera ku mizinda yapafupi ya Seaside kapena Salinas, ndi dalaivala wa galimoto ya katundu amene wapatsidwa mphindi zochepa pa khomo lililonse.

Taganizirani zomwe munthu wa msinkhu umenewo amalandira. Mankhwala a miyezi itatu otumizidwa ndi kampani ya inshuwalansi. Insulini ya matenda a shuga, yomwe imabwera m'bokosi la zoziziritsa ndipo siyenera kugona pakhonde la munthu wina padzuwa, makamaka pakhonde la nyumba yomwe mwini wake abwera mwezi wamawa. Mabotolo a mpweya wopumira, bedi la odwala, chakudya chophikaphika chomwe bungwe la achikulire la The Carmel Foundation limaperekera omwe sangatuluke. Makalata a Medicare (inshuwalansi ya boma ya zaumoyo ya okalamba) ndi a Social Security (penshoni ya boma) okhala ndi tsiku lomaliza kuyankha. Pepala lovotera, popeza California imatumizira wovota aliyense wolembetsa pepala lake pa positi. Bokosi laling'ono kwambiri la USPS ndi la masentimita pafupifupi 8 kupita m'mwamba ndi 14 chopingasa, limalowa makalata 10 mpaka 15. Phukusi likakula amakuikira kapepala kuti ukalitenge pakauntala nthawi ya ntchito, ndipo kalata yofuna kusainira imasungidwa masiku 15 kenako imabwerera komwe yachokera. Munthu akagonekedwa m'chipatala masabata atatu popanda womutsegulira bokosi, zinthu zofunika zimabwerera iye osadziwa. Mzindawu umakwera phiri kuchokera kunyanja, misewu yake ndi yokhotakhota chifukwa cholambalala mitengo, mizu inatukula phula. Wa ndodo kapena wa njinga ya olumala sayenda bwino pamenepo. 

Khonsolo inazindikira zimenezi kale, n'chifukwa chake inayamba kulipira kampani yonyamula makalata kuchoka ku positi kukasiya kwa omwe sangathe kupita okha. Ndi thandizo labwino, koma limangokhudza makalata. Silithandiza banki, silithandiza galimoto ya mankhwala, silithandiza ambulansi.

Otsutsa manambala amati apolisi ndi ambulansi za mumzindamo amadziwa nyumba iliyonse. N'zoona kwa omwe agwira ntchito momwemo zaka zambiri. Koma tsiku la moto waukulu kapena chivomerezi kumabwera magalimoto othandiza ochokera m'mizinda ina, ndipo iwowo amatsata mapu a pa kompyuta. Woimba foni naye sakhala mwini nyumba nthawi zonse. Akhoza kukhala mdzukulu wobwera kudzacheza kapena wantchito watsopano amene sadziwa kummawa ndi kumadzulo ali ndi mantha. Malamulo a California okhudza moto amanena poyera kuti nyumba ikhale ndi nambala yooneka kuchokera kumsewu, yotalika masentimita osachepera 10, ya mtundu wosiyana ndi khoma. Mtima ukaima, mphindi iliyonse yochedwa imachepetsa mwayi wopulumuka, ndipo mzinda womwe munthu mmodzi mwa atatu wapitirira zaka 65 suyenera kudalira kuti wozimitsa moto awerenge mageti mumdima.

Mantha omwe ndimawalemekeza ndi a positi ofesi. Kwa wokalamba wokhala yekha, ulendo wa m'mawa wokatsegula bokosi ndi pomwe amaonana ndi anzake, kumva yemwe wadwala, kukambirana zomwe yalemba nyuzipepala ya The Carmel Pine Cone. Akasowa masiku atatu, wina amafunsa. Palinso nkhani ya ndalama: USPS imapereka bokosi laulere kwa munthu amene siimuperekera makalata kunyumba. Ikayamba kupereka kunyumba, chifukwa cha bokosi laulerelo chimatha, anthu amachepa ku ofesi, ndipo ofesi yopanda anthu ndi yosavuta kuitseka.

Komanso amene akuganiza kuti nambala ibweretsa wopereka makalata pakhonde akulota. Pa makeyala atsopano USPS masiku ano imakonda mabokosi a gulu, chitsulo chimodzi chokhala ndi zipinda 8, 12, 13 kapena 16 choimikidwa pa simenti m'mbali mwa msewu. Ikalola bokosi la nyumba iliyonse, liyenera kukhala masentimita 104 mpaka 114 kuchokera pansi, ndi 15 mpaka 20 kuchokera m'mphepete mwa msewu, pomwe galimoto ingafike dalaivala osatsika. M'misewu yopapatiza ya Carmel, yokhala ndi mitengo ndi magalimoto oimikidwa mbali zonse, malo otero ndi ochepa. Agogo aja akanayendabe kupita pakona, ndipo pakonapo sipakhala wocheza naye. Pa mfundo iyi otsutsa akunena zoona, ndipo ndi chifukwa chake ndikuti khonsolo ipereke manambala koma inene momveka kwa USPS kuti makalata apitirire kupita m'mabokosi a pa 5th Avenue.

Kagwiridwe kake si kovuta kumvetsa, ngakhale kamafuna kusamala. Khonsolo imatenga mapu a maploti ndi manambala omwe boma la Monterey County, momwe muli Carmel, limagwiritsa kale ntchito pokhometsa msonkho, n'kupatsa buloko iliyonse (chigawo cha msewu cha pakati pa mphambano ziwiri) manambala 100, osagawika pawiri mbali imodzi ya msewu, ogawika pawiri mbali inayo. Pafunika kusiya mipata ya tinyumba tatsopano ta kuseri, kusankha msewu umodzi wa nyumba iliyonse ya pakona potsata komwe khomo lalikulu layang'ana, ndi kuonetsetsa kuti manambala sakufanana ndi a misewu ya dzina lomwelo yomwe imapitirira kunja kwa malire a mzinda, komwe nyumba zili nawo kale. Mndandanda umodzi womwewo upite tsiku limodzi kwa oyankha mafoni a zadzidzidzi a 911, kwa USPS, kwa a magetsi ndi madzi, ndi kwa opanga mapu. Zikapita mosiyana nthawi, pamakhala miyezi yomwe nambala ili pakhoma koma kompyuta ya ambulansi siikuidziwa, ndipo nthawi imeneyo ndi yoopsa kuposa poyamba.

Kathabwa ka dzina la nyumba palibe chifukwa chokachotsera, nambala ikhoza kukhala pambali pake. Chomwe chimaiwalika pa bajeti ndi anthu othandiza okalamba kusintha keyala ku banki, ku inshuwalansi, kwa dokotala ndi ku ofesi ya zisankho, popeza ambiri mwa mafomu amenewa ali pa intaneti ndipo ena amafuna kutsimikiza ndi uthenga wa pafoni. Khonsolo ikhazikitse tebulo la ntchito imeneyi mu laibulale ya Harrison Memorial kapena ku The Carmel Foundation kwa miyezi ingapo, ndipo kampani yonyamula makalata kwa osayenda ipitirire kulipidwa monga kale.