Gofu, ndalama za Saudi Arabia ndi maliro a eni

Ndikudziwa kuti ambiri a inu gofu simuyitsata, koma nkhaniyi yandikhala pakhosi kwa nthawi yaitali, ndiye mundilole ndiyilavule. Anthu akamakamba za ndalama za Saudi Arabia m'masewera, chala chimathamangira kwa osewera amene analandira ndalamazo. Ine chala changa chili kwina. Chili pa akuluakulu amene anatenga maliro a eni n'kuwasandutsa chishango chotetezera bizinesi yawo, ndipo bizinesiyo itapeza njira ina, anawataya maliro aja panjira.

Tiyambe ndi mmene zinakhalira. Kwa zaka zambiri, mpikisano waukulu wa gofu padziko lonse unali m'manja mwa PGA Tour ya ku America. M'mwezi wa June 2022 kunabwera mpikisano watsopano wotchedwa LIV Golf, wolipiridwa ndi thumba la chuma cha boma la Saudi Arabia, Public Investment Fund, limene mkulu wake ndi Yasir Al-Rumayyan. Masewera awo oyamba anachitikira pa Centurion Club, kufupi ndi London. Osewera anali 48 okha, amasewera maenje 54 m'malo mwa 72, ndipo aliyense amachoka ndi ndalama ngakhale atakhala womaliza. Amene anapambana ndi Charl Schwartzel wa ku South Africa, ndipo m'masiku atatu okha anatenga madola 4 miliyoni. Phil Mickelson, Dustin Johnson, Bryson DeChambeau ndi Brooks Koepka onse anawolokera kumeneko, ndipo nyuzipepala zinkalemba kuti Mickelson yekha anamulonjeza pafupifupi madola 200 miliyoni.

Tsiku lomwe mpira woyamba unamenyedwa ku Centurion, PGA Tour inaimitsa osewera 17. Mpaka apa ndilibe nazo vuto. Mwini golosale akaona wina akutsegula yake pakhomo pomwepo amayesetsa kuteteza makasitomala ake, ndi mmene malonda amayendera. Akanangonena kuti anthu awa akutilanda msika, bwenzi nkhani itathera pomwepo.

Koma Jay Monahan, mkulu wa PGA Tour pa nthawiyo, sanaime pamenepo. Sabata yomweyo anaonekera pa wailesi yakanema pa nthawi ya Canadian Open, ndipo atafunsidwa za mabanja amene anataya abale awo pa chiwembu cha ndege cha ku America cha pa 11 September 2001, ananena kuti iye mwini ali pafupi ndi mabanja awiri amene anaferedwa tsiku limenelo. Kenako anafunsa osewera ngati anayamba apepesapo kwa munthu chifukwa chokhala membala wa PGA Tour. Tonse tinamva tanthauzo lake. Mwa achiwembu 19 amene analanda ndege tsiku lija, 15 anali nzika za Saudi Arabia, ndipo mabanja a anthu pafupifupi 3,000 amene anafa akhala akufunafuna mayankho mpaka lero. Monahan anali kuuza osewera kuti wolandira ndalama za LIV akuponda pamanda a anthu amenewa.

Patangopita chaka chimodzi, pa 6 June 2023, munthu yemweyo anakhala pambali pa Al-Rumayyan pa kanema wa CNBC, onse akulengeza kuti PGA Tour, DP World Tour ya ku Ulaya ndi thumba la Saudi lija agwirizana kuphatikiza malonda awo a gofu pansi pa kampani imodzi, ndipo milandu yonse imene ankasumirana yatha. Zokambirana zinachitika mobisa, anthu ochepa okha akudziwa. Osewera ambiri anamva nkhaniyi pa Twitter, monga mmene ine ndi inu tinamvera. Monahan mwini wake anavomereza kuti anthu amutcha wachinyengo, ndipo mabanja a pa 11 September aja anatulutsa kalata yamkwiyo.

Kwathu kuno maliro ndi chinthu choopedwa. Munthu akafika pa siwa amavula chipewa, amatsitsa mawu, amakhala pansi. Ngakhale amene munayambana naye chaka chatha amabwera kudzagona panja pa moto. Ndinaonapo pamaliro ena bambo wina atayamba kukamba za malire a munda mtembo usanatuluke m'nyumba, ndipo agogo ena aakazi anangomuyang'ana osaphethira mpaka iye anadzuka yekha n'kuchoka. Palibe anamukalipira. Ndikaganiza za Monahan, maso a agogo aja ndi amene amandibwerera. Misozi ya mayi amene mwamuna wake anapita kuntchito m'mawa osabwereranso si chinthu choti ubwereke pamene chikukuthandiza, n'kuchibweza pamene ndalama zafika.

Amene anandimvetsa chisoni kwambiri ndi Rory McIlroy, katswiri wa gofu wa ku Northern Ireland. Kwa chaka chathunthu mnyamatayu anaima pamaso pa atolankhani kuteteza PGA Tour, anayambana ndi anzake amene ankasewera nawo limodzi mu Ryder Cup, mpikisano wa timu ya ku Ulaya ndi ya ku America, ndipo ankasenza mtolo umene unayenera kusenzedwa ndi mabwana ake. Tsiku lotsatira chilengezo chija anauza atolankhani kuti akudzimva ngati mwana wankhosa wopereka nsembe. Mu November chaka chomwecho anatula pansi udindo wake mu komiti ya PGA Tour, ndipo patapita nthawi anavomereza kuti anawaweruza mopyola muyeso anzake amene anapita ku LIV. Kumbuyo kwa McIlroy kuli osewera ena ambirimbiri amene mayina awo sitiwadziwa, amene anakana ndalama chifukwa anauzidwa kuti ndi zamagazi. Jon Rahm, katswiri wina wa ku Spain, ataona mmene zinthu zatembenukira, mu December 2023 nayenso anawoloka. Ndingamudzudzule bwanji, poti amene ankamuletsa anali atadya kale m'mbale yomweyo?

Musandimve molakwa, sindikuyeretsa ndalamazo. Mtolankhani wa ku Saudi Arabia Jamal Khashoggi anaphedwa mu ofesi ya kazembe wa Saudi Arabia ku Istanbul pa 2 October 2018. Mu March 2022 dzikolo linapha anthu 81 oweruzidwa tsiku limodzi. Ndipo Mohammed bin Salman, kalonga amene amalamulira dzikolo, sabisa cholinga chake: mu September 2023 anauza Fox News kuti ngati kutsuka mbiri ya dziko pogwiritsa ntchito masewera kukukweza chuma chake, apitiriza. Izi ndi zoona, ndipo zinali zoona pa 5 June 2023 monga zinalili pa 7 June. Chimene chinasintha n'chakuti milandu inali kudya ndalama zambiri za PGA Tour, komanso anali atakweza mphoto zawo kuti osewera asathawe, pamene mnzawoyo thumba lake silibooka.

Ndipo ife okonda mpira wamiyendo tisaganize kuti izi zili kutali. Al-Rumayyan yemweyo ndiye wapampando wa Newcastle United, imene thumba lija linagula mu October 2021. Tsiku limodzi chisanachitike chilengezo cha gofu, thumba lomwelo linatenga magawo 75 pa 100 a matimu a ku Saudi Arabia a Al-Nassr, Al-Hilal, Al-Ittihad ndi Al-Ahli, ndipo ndi kumeneko kumene Sadio Mané ndi Riyad Mahrez anapita, Cristiano Ronaldo atatsogola kale. Newcastle itagonjetsa Liverpool 2-1 mu March 2025 n'kutenga Carabao Cup, ndinaona amuna akuluakulu pa kanema akulira ngati ana, chifukwa timu yawo inali itatha zaka 70 osagwira chikho chachikulu cha ku England. Anthu amenewo sindingawaimbe mlandu. Iwo sanasankhe mwini timu, sanafunsidwe, monga momwe osewera gofu sanafunsidwe.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti mgwirizano umene anagulitsira ulemu wawo sunathekenso. Anadzipatsa mpaka 31 December 2023 kuti amalize zonse, tsikulo linadutsa. Mu January 2024 PGA Tour inalandira madola 1.5 biliyoni kuchokera ku Strategic Sports Group, gulu la amalonda a ku America lotsogozedwa ndi Fenway Sports Group, eni ake a Liverpool. Mu February 2025 nkhaniyi inafika mpaka ku White House, kumene Donald Trump anakhala pansi ndi Monahan, Al-Rumayyan komanso osewera Tiger Woods ndi Adam Scott, koma anatuluka opanda chomwe asaina. Pa mayina onse a amene anakhala pa tebulo limenelo, dzina la mayi wamasiye kapena mwana wamasiye wa pa 11 September silinamveke.