Mtengo ukhale umodzi, lekani kutiyeza pakamwa

Ndikulemba ndili m'chapa, minibasi yathu ija, Moatize tadutsa kale, koma mtima wanga ukuwirabe. Inu a masitolo m'tauni ya Tete, ndiyankheni. Mtengo wa katundu mumautenga pa katunduyo kapena pakamwa pa wogula?

Ndadzuka usiku ku Ulongwe, ndayenda makilomita oposa 200 kudzera pa Mussacama, nkhani yake nsapato za ana poti sukulu ili pafupi kutsegulidwa. Powoloka mlatho wa Samora Machel dzuwa linali litalusa kale, la ku Tete lija loti phula limakakamira ku masilipasi. M'misewu ya m'tauni mopanda poponda: ma txopela, tinjinga tamoto ta matayala atatu tonyamula anthu, akuliza hutala m'khutu mwenimweni, a kaunjika ayala milu yawo mpaka pakhomo la sitolo, anyamata a madzi ozizira akukukoka mkono. Zonsezo ndapirira, ndi tauni.

Ndalowa m'sitolo ina. Patsogolo panga panali mayi wina, wafunsa m'Chinyungwe nsapato zakuda za lamba, nambala 34. Mnyamata wogulitsa wati mametikali 450. Mayiyo wapereka ya 500, wabwezeredwa ya 50, ndikuona ndi maso angawa. Ine ndanyamula zomwezo, nambala yomweyo, bokosi lofanana, n'kufunsa m'Chichewa changa kuti zili bwanji. Mnyamata uja wandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kumapazi kwanga kwa fumbi, kenako osaphethira n'komwe akuti, “Amayi, 700.”

Akuti 700! Nsapato zakwera ndi 250 pa nthawi yomwe mayi uja amapinda chenji chake pa mfundo ya chitenje.

Ndamufunsa kuti mwana wanga, zasintha n'chiyani? Akuti zijazi zinali zina. Ndamuonetsa bokosi. Akuti mayi aja ndi kasitomala wakale. Nditatembenuza lilime n'kuyamba Chipwitikizi, pomwepo nkhope yasintha, wayamba kuseka, akuti pepani amayi ndimayesa mwachokera ku Malawi. Ndiye ngati ndikadachokera ku Malawi? Wa ku Dedza ndalama yake imamera mumtengo? Ndipo ndani anakuuzani kuti aliyense wolankhula Chichewa ndi mlendo m'dziko muno? Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde, konseku ndi chigawo cha Tete, bilhete yanga, chiphaso cha unzika, ndi yofanana ndi yanu, metikali yanga ili ndi nkhope ya Samora yomweyo.

Kumeneku ndi kuba. Musakukometsere dzina, musati ndi malonda, musati ndi kunenerera. Kunenerera ndimakudziwa, ndakulira pa msika: wogulitsa amatchula mtengo umodzi kwa aliyense, wogula n'kupempha kuti amuchotsereko. Izi zoti uyambe wamva chilankhulo cha munthu, uone nsapato zomwe wavala, uone ngati wanyamula chikwama cha kumudzi, kenako ndiye upeke mtengo, ndi kupisa m'thumba la munthu masana dzuwa likuswa mtengo. Mbala yopisa pa siteji ya chapa ndiyabwinoko, imadziwa kuti ikagwidwa iona zakuda. Inu mumaba mutakhala pa mpando, fani ikukupemererani.

Mwina lendi ndi yodula, mwina abwana amakulipirani zochepa, zimenezo mukakambirane nokha. Lembani mitengo pa katundu, basi. Kapepala ndi cholembera n'zingati? Lembani 450 aliyense aone, wa Chinyungwe, wa Chisena, wa Chichewa, ngakhale mzungu wa ku migodi ya malasha.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kachewere amene mumakazinga m'tauni muno, kabichi, nyemba, tomato, zambiri zimatsika kuchokera kwathu kumapiri. Tsiku lomwe mudzabwere ku Ulongwe ndi galimoto kudzapikula, tidzayambe nafenso kumvetsera kaye lilime lanu tisanatchule mtengo wa thumba? Mudzakondwa?

Nsapato ndagula, inde, pa 450, chifukwa ana sangapite kusukulu chapansi. Koma ndikuganiza za agogo amene sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chipwitikizi, agulitsa nkhuku ziwiri kuti mdzukulu avale, afika pamenepo n'kupereka 700 ija akuthokoza ndi manja awiri.

Ndiye pali izi za chenji. Pa sitolo yachiwiri ndagula makope, chenji changa chinali 15, mtsikana wa pa kauntala wangondiponyera maswiti atatu akuti palibe makobiri. Ndati ndilipire pa M-Pesa kuti zikhale ndendende, akuti netiweki yavuta, pomwe foni yake ili m'manja akuonera mavidiyo. Maswitiwo ndili nawo pano, asungunuka kale m'chikwama, amata makope a ana. Kondakitala wa chapa ndamupatsa kuti achotsere pa mtengo wa ulendo, wandiyang'ana ngati ndapenga.