Mwana walemba zokhota? Mupezereni kathabwa, osati chikwapu

Makolo anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, ndikamva kholo likukalipira mwana kuti walemba ngati nkhuku yapalasa, mtima umandiwawa. Kodi tinayamba tapitako kukalasi kwake kukaona pomwe amalembera?

Chiyambire 1994, pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana anachuluka koma madesiki sanachuluke nawo. Wa Sitandade 1 kapena 2 amakhala pansi, kope lili pabondo, mnzake akumugunda ndi chigongono. Onjezeranipo kutentha kwa kuno mu Okutobala: chikhatho thukuta lokhalokha, pensulo ikuterereka, pepala lanyowa. Ndiye mu Malichi 2023 kunabwera namondwe wa Freddy, makalasi n'kusanduka misasa ya othawa madzi, ana n'kutha masabata osagwira pensulo. Mwana wotereyu alemba bwanji zowongoka?

Aphunzitsi sindikuwada ayi. Munthu mmodzi sangagwire dzanja la mwana aliyense m'kalasi lodzaza chonchija. Ntchito imeneyi ndi yathu kunyumba, ndipo siilira ndalama.

Chachikulu ndi potsamira kope. Kathabwa kosalala, mpando wa ndalema ayi koma chinthu cholimba chosagwedera, n'kokwanira. Madzulo kukazizira, mwana akhale pakhonde, kope pathabwa, alembe mizere itatu yokha koma mosathamanga. Inu khalani pambali muziona momwe wagwirira pensulo. Ambiri amaifinya ndi chibakera chonse mpaka zala kuwawa, pomwe zala zitatu zimakwana. Onaninso ngati akutseka "a" ndi "o", komanso ngati "b" ndi "d" sakuzitembenuza.

Kwa ang'onoang'ono, mchenga tili nawo wambiri m'chigwa muno. Ajambule zilembo zikuluzikulu ndi chala, afufute, ayambirenso. Kuumba ng'ombe zadothi ndi kutong'ola chimanga kumalimbitsanso zala. Bolopeni musafulumire nayo, imachititsa mwana mantha poti akalakwitsa safufuta.

Ndipo chonde, wamanzere musiyeni. Kumumenya kuti asinthe dzanja kumangomudanitsa ndi kope. Mungomupendeketsera pepala kuti dzanja lisamaphimbe zomwe walemba.

Ena amati masiku ano ndi a foni, kalembedwe kalibenso ntchito. Ine ndikukana. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 mwana amalemba ndi dzanja, ndipo wochonga ali ndi mulu wa mapepala patsogolo pake. Yankho likhoza kukhala lolondola, koma ngati sakutha kuliwerenga, malikisi apereka bwanji?