Msewu wa ndege: zimene Zambia, Mozambique ndi Tanzania akuchita, ndi pamene ife tili

Pa 2 January 2024 pa bwalo la Haneda ku Tokyo, ndege ya Japan Airlines inatera n'kuwomba ndege yaing'ono ya asilikali olondera nyanja yomwe inali italowa mumsewu wonyamukira popanda chilolezo. Anthu asanu a m'ndege yaing'onoyo anafa, pamene onse 379 a m'ndege yaikulu anatuluka moto usanaimalize. Nyale zofiira zoimitsa ndege polowera mumsewuwo sizinkagwira ntchito usiku umenewo. Pa bwalo la Linate, mumzinda wa Milan, mu 2001 ndege ziwiri zinawombana mumsewu wa ndege ndipo kunafa anthu 118 chifukwa cha nkhungu, zikwangwani zosokoneza komanso kusowa kwa rada yoonera zoyenda pansi. Pa ngozi yonga yomweyi ku chilumba cha Tenerife mu 1977 kunafa 583.

Ngozi zoterezi zimayamba ndi zinthu zazing'ono. Pamene kanjira ka ndege kakumana ndi msewu waukulu pamakhala mizere inayi yachikasu, iwiri yosadukiza ndi iwiri yodukizadukiza. Woyendetsa ndege sadutsa pamenepo mpaka wa pansanja yolondolera ndege atamuloleza, ndipo ayenera kubwereza mawu onse a chilolezocho kuti wa pansanja amve ngati amvana. Utoto ukafufutika, wailesi ikamaphokosera, kapena munthu mmodzi akamayang'anira ndege za pansi ndi za m'mwamba yekhayekha usiku, chitetezo chonsecho chimaphwasuka. Galimoto yozimitsa moto nayonso, malinga ndi malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, iyenera kufika kumapeto kwa msewu pasanathe mphindi zitatu.

Zambia anaphunzira mowawa. Mu 2009 bungwe la European Union linaletsa ndege zonse za m'dzikolo kulowa ku Ulaya. A ku Zambia anakhazikitsa mwalamulo bungwe loima palokha, Zambia Civil Aviation Authority, mu 2012, kuti liziyendera ndi kupereka ziphaso, mabwalo n'kukhala m'manja mwa Zambia Airports Corporation. Chiletso chinachotsedwa mu 2016. Mozambique anayenda njira yomweyo: analetsedwa mu 2011, anamasulidwa mu 2017 atalimbitsa bungwe lawo loyang'anira za ndege la IACM. Phunziro lalikulu kwa ife lili pamenepa, kuti woyendetsa bwalo asakhalenso wodzichonga yekha.

Tanzania ndi nkhani ina. Anagula ma rada anayi, a ku Dar es Salaam, Kilimanjaro, Mwanza ndi Songwe, zomwe n'zosiririka. Koma ndege ya Precision Air itagwa m'nyanja ya Victoria pafupi ndi bwalo la Bukoba pa 6 November 2022, oyamba kufika anali asodzi a mabwato, ndipo anthu 19 anafa. Mu 2025 European Union inaletsa ndege zonse za ku Tanzania. Zida zodula sizinabise kufooka kwa kuyendera ndi kwa opulumutsa anthu.

Kuno kwathu bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi lili ndi msewu umodzi wotalika pafupifupi makilomita atatu ndi theka, ndipo ndege zake n'zowerengeka. Ena amati ndiye kuti kuwombana n'kosatheka. Sindikugwirizana nawo. Mumsewu womwewo mumalowanso galimoto zoyendera nyale, zothamangitsa mbalame ndi mathirakitala otchetcha udzu, ndipo pomwe ndege zili zochepa m'pomwe anthu amazolowera kulowa asanafunse. Rada yomwe tinalandira kudzera ku thandizo la JICA, bungwe la boma la Japan, imaona ndege za m'mlengalenga, siiona thirakitala.

Tisaiwale January 2019, pamene South African Airways inasiya kutera ku Chileka oyendera a ku South Africa atapeza mpanda wobooka ndi galimoto zozimitsa moto zosadalirika. Zinatengera alendo kutiuza. Lamulo lokhazikitsa bungwe lathu loima palokha linadutsa mu 2017, patapita zaka zisanu Zambia atachita zawo, ndipo linachedwanso kuyamba ntchito.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti ofufuza a ku Germany a ngozi ya ku Chikangawa ya pa 10 June 2024, yomwe inapha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi ena asanu ndi atatu, anachita kutilangiza kuti zokambirana za pa wailesi ndi zooneka pa rada zizijambulidwa. Popanda zojambulazo, galimoto ikalowa mumsewu molakwika ndege n'kuizemba mwamwayi, palibe angabwerere kukamva kuti ananena chiyani ndani, ndipo wolakwitsayo mawa adzalowanso chimodzimodzi.